Oilo wa Obadiya

Obadiya anali atalowa kale pansi pa galimoto, chagada pa chiguduli, miyendo yokha ikuoneka, pamene mlongo wake wamkulu Tabita anafika n'kuponda sipanala ndi phazi.

"Tulukamoni."

"Achemwali, chotsani mwendo. Injini ikazizira oilo satuluka bwino."

"Ndati tulukamoni. Lero mwasankha ndani?"

Obadiya anatuluka chafutambuyo, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Anayang'ana mlongo wakeyo, n'kuyang'ananso beseni limene anatchera pansi pa injini. Pamudzi panali zii, koma zitseko zonse zinali zotsekula pang'ono.

Paja Obadiyayu anabwerako ku Joni chaka chimene amuna a kumigodi anabwezedwa onse. Anzake anabwera ndi mawailesi ndi zipewa, iye anabwera ndi chifuwa ndi ndalama yogulira galimoto yakale yabokosi kumbuyo. Kumapiri a kwa Kalinda, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, galimoto inali yokhayo. Amene anamuphunzitsa kuisamala anali Zuberi, makaniko wa pa Malomo. Ati, "Mamailosi zikwi zitatu kapena miyezi itatu, chimene chayamba kukwana, khetsa oilo, thira watsopano. Fumbi la kuno silicheza. Ndipo injini yokalambayi imamwa, uziwonjezera mlungu ndi mlungu."

Ulendo woyamba kukhetsa, anthu anachita kulimbirana oilo wakudayo, ati amathawitsa chiswe. Tabita yemweyo ndiye anabwera ndi chitini chachikulu kuposa onse, n'kukapaka miyendo ya nkhokwe yake. Patapita masiku atatu, atsibweni awo a Dominiko anagona osadzuka. Anali okalamba, palibe analankhula.

Atakhetsa ulendo wachiwiri, patapitanso masiku atatu, Vinsenti, mwana wachisamba wa Tabita, mnyamata wosadwaladwala, anabwera kudimba atagwira mutu. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Pasiwa amayi anayamba kupinda zala, kuwerenga masiku. Nanga amayi pamaliro amasowa chochita?

"Kamodzi ndi tsoka," anatero Tabita, phazi likadali pa sipanala. "Kawiri ndi ntchito ya manja."

"Ndiye mukuti ine ndinadya mphwanga? Ine amene ndinamugulira nsalu ya m'bokosi?"

"Sindinatchule munthu. Ndikunena chinyama chanuchi. Kodi munapangana nacho zotani ku Joni kuja?"

Obadiya anatenga chitini cha oilo watsopano, n'kuthira pang'ono pachikhatho. "Taonani. Amalowa woyera ngati uchi. Akagwira ntchito amada ndi utsi. Basi, nkhani yonse ndi imeneyi."

"Amalowa wozizira, amatuluka wofunda. Chimene chimatuluka m'mimba chili chofunda ndi chiyani? Ndapha nkhuku zambiri ine, musandiphunzitse." Anamukoka dzanja mpaka kuseri kwa khola, kumene oilo woyamba anatayikira. Mvula inali itagwa miyezi inayi, udzu paliponse wofika m'chiuno, koma pamenepo panali dazi lakuda ngati chipsera. "Pogwera magazi a mbuzi udzu umamera. Awa ndi magazi anji? Miyendo ya nkhokwe yanga dzuwa likatentha imalira misozi yakuda. Chimanga cha mmenemo sindidya."

Lidia, mkazi wa Obadiya, anaponya nkhuni pansi. Ameneyonso pakamwa sanabwereke kwa munthu. "Koma alamu! Polanda chitini chachikulu simunaone magazi? Pokwera kutsogolo kupita ku Boma, mutakweza mphuno ngati mkazi wa DC, magazi anali kuti?"

"Tamumvani wachitengwayu! Unabwera ndi mphika umodzi, lero ukuweruza za mbumba? Akamafa amafa athu, a kwanu ali phee akunenepa."

Akanagwirana tsiku limenelo. Koma pakhomo la Tabita panatulukira Marita, mwana yekhayo amene anamutsalira, ali ndi pakati poyamba, miyezi isanu ndi iwiri. Anagwada patali, manja atafungatira mimba.

"Atsibweni," anatero motsitsa, "ine sindidziwa kanthu. Koma ngati n'kotheka, dikirani ndichire kaye."

Obadiya anayang'ana mphwakeyo nthawi yaitali. Kenaka anawerama, n'kukoka beseni lija lili gwa louma.

Iye anati aiimike galimotoyo miyezi iwiriyo, ikhale ngati mwala. Koma masiku amenewo galimoto ya munthu sinali yake yekha. M'mawa mwake tcheyamani wa chipani anafika: amayi akufunika ku Boma kokonzekera magule, Lachiwiri ndi Lachisanu. Ukanati ayi unali ndi mitu ingati? Fodyanso anali atauma m'zigafa, alimi akugogoda tsiku ndi tsiku. Galimoto inakwera mapiri, inatsika mapiri, manambala a mamailosi akungogubuduka. Zikwi zitatu zinadutsa, zinayi zinadutsa.

Tsiku lina atatsitsa katundu pa Malomo, anapatukira kwa Zuberi n'kumuuza zonse. Zuberi anaseka mpaka kapu ya tiyi inatayika.

"Achimwene, ine ndimamasula mabawuti khumi pa mlungu. Bwenzi Malomo yense ali kumanda! Anthu amafa, oilo amada, ziwirizi sizidziwana. Bweretsani tikhetse pompano. Adziwa ndani?"

Analowa pansi akuimba kanyimbo. Kanyimboko kanaduka. Anatuluka pang'onopang'ono, akupukuta manja amene sanagwire kanthu.

"Pa bawuti wokhetsera pali kansalu koyera. Mfundo zitatu. Mwamanga ndinu?"

Obadiya anasuzumira. Anaidziwa nsaluyo. Anagula yekha mayadi asanu ndi limodzi kusitolo ya pa Malomo pomwepo, tsiku la maliro a Vinsenti.

"Ine zitsulo ndimazitha," anatero Zuberi, "koma mfundo za eni ake sindimasula. Chabwino, tisakhetse. Tingowonjezera pamwamba, injini isaume."

Anathira botolo limodzi. Obadiya anabwerera kumudzi mtima uli m'malo, osauza munthu, ngakhale Lidia.

Patapita masiku atatu, dzuwa lili paliwombo, Marita akupeta pabwalo, magazi anayamba kutuluka m'mphuno. Anadontha pa lichero, anadontha pa chimanga, osaleka. Amayi anathamanga ndi madzi ozizira, ena akuti ndi dzuwa, ena akuti zimachitika kwa oyembekezera. Tabita anayang'ana kumene kunaima galimoto, anakasuzumira pansi, n'kupeza mfundo zake zili bwinobwino. Anabwerera kwa mwana wake.

Amene sanadye tsiku limenelo anali Obadiya. Pamudzi palibe anadziwa za botolo lija. Anadziwa yekha, ndipo anapinda zala ali kuseri kwa nyumba: Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Anadzitukwana kuti ndi wopusa, munthu woti anaona makina aakulu a pansi pa nthaka. Komabe kuyambira pamenepo sanathirenso ngakhale dontho.

M'mawa uliwonse ankasolola kachitsulo koyezera. Chizindikiro chinkatsika. Chotsalira kunsonga sichinalinso oilo, chinali phula lonanda. Kanyali kofiira ka kutsogolo kwa chiwongolero kanayamba kuphethira pokhota, ngati diso la munthu amene akudziwa kanthu. Ndipo pokwera mtunda, mkati mwa injini munkamveka go, go, go, ngati wina akugogoda kuti amutsekulire.

"Mukumva?" anatero Lidia tsiku lina. "Chuma chathu chikufa inu mukuyang'ana. Mukuopa mlongo wanu ngati apongozi."

"Kwatsala milungu iwiri."

"Kodi tsopano nanunso mwakhulupirira?"



Matenda a Marita anayamba mwezi wa Juni, kukuzizira koti zala osapindika. Azamba analimbana naye tsiku lathunthu. M'mawa mwake, nkhungu itatseka mapiri onse, anatuluka n'kunena kuti mwana wagona mopingasa, izi n'za kuchipatala cha ku Mtengowanthenga.

Tabita anafika pakhomo pa Obadiya wopanda mpango kumutu.

"Alongo, lizani galimoto."

Lidia ataona nkhope ya mlamu wakeyo anapatuka pakhomo.

Obadiya anatsekula boneti, nasolola kachitsulo kaja. Kouma. Chitini cha oilo watsopano chinali pomwepo pakhonde, chodzadza. Anachinyamula.

"Achemwali, njira ndi yaitali, mitunda itatu. Popanda uyu sitikafika."

"Lero lenileni?" Mawu a Tabita anali aang'ono, osati aja a masiku onse. "Mwiniwake ndinu. Mbumba ndi yanu. Chitani chimene mukudziwa."

Sanaponde sipanala, sanatukwane. Akanatukwana, mwina Obadiya akanathira. Obadiyayo anamasula chitsekero cha chitini. Amayi anayi anadutsa atanyamula Marita pa mphasa, milomo yake itayera ngati phulusa, ndipo podutsa Marita anatsekula maso n'kuyang'ana chitinicho. Obadiya anabwezera chitsekero, nachiika pansi.

Mtunda woyamba anakwera. Wachiwiri anakwera kanyali kali psuu, kosaphethiranso. Nkhungu inali yoti mitengo ya m'mbali mwa msewu inkangotulukira ngati anthu oimirira pamaliro. Kumbuyo Marita anali atasiya kubuula, ndipo kusabuulako kunali koopsa kuposa kubuula. Go, go, go. Obadiya ankalankhula nayo galimoto ngati ng'ombe: "Tiye mayi, tiye, pang'ono pokha."

Pakati pa mtunda wachitatu kunamveka kamodzi kokha, gwa! Galimoto inanjenjemera, n'kuima. Anapotokola kiyi. Ngakhale kutsokomola.

Zii. Kopanda mbalame, kopanda tambala, kopanda munthu. Chipatala chinali chikadali kutali.

"Chokani apa, amuna saona izi!" anakuwa azamba kumbuyo. "Tabita, gwira miyendo. Ndiyesanso kumutembenuza."

Obadiya anakhala pa mwala kutsogolo kwa galimoto, atafulatira. Chitsulo chinkalira chokha pozizira. Kenaka anamva kudontha. Anasuzumira pansi. Bawuti anali womanga, mfundo zitatu zili pomwepo, koma kansalu koyera kaja kanali katada bii, ndipo kunsonga kwake kunkagwa madontho onenepa pafumbi. Tho. Tho. Injini yoti m'mawa inali youma. Anadziuza kuti china chasweka mkati, zotsalira zikutsika, Zuberi akanafotokoza bwinobwino. Koma anapezeka akuwerenga madonthowo, ndipo mumtima mwake ankadziwa kuti akatha, kumbuyoko kumveka china. Kaya chiti.

Dontho lina linalendewera, linatalika, linagwa. Linzake silinabwere.

Mwana analira.

Patapita nthawi Tabita anatulukira mu nkhungu, manja ali magazi mpaka m'zigongono. Anaima pafupi ndi mlongo wake, nayang'ana boneti.

"Yafa?"

"Yafa."

"Wamwamuna. Mayi wakenso ali moyo." Anapukuta manja pa chitenje, mawu ake akale n'kubwerera onse. "Mwaona? Yasowa womudya, yadzidya yokha. Choipa chitsata mwini."

"Yafa chifukwa ndinaimana oilo, achemwali."

"Eya. N'zimene ndikunenazo."

Marita anamutengera kuchipatala pa ngolo imene inadutsa dzuwa litakwera, ndipo anatulukako patatha mlungu. Galimoto inabwerera kumudzi ikukokedwa ndi ng'ombe zinayi, ana akuimba m'mbuyo. Anaikankhira pansi pa mtengo wa muwanga kuseri kwa khola.

Patapita mwezi Zuberi anabwera pa njinga ndi bokosi la zitsulo. Anamvetsera nkhani yonse, anagogoda apa ndi apo.

"Mwaipha ndi manja anu, koma idzuka. Zitsulo zina ndili nazo, zina tikapeza ku Lilongwe. Fodya wa chaka chamawa mudzanyamula. Choyamba tikhetse zonyansa zatsalamo, tione mkati. Mwana anabadwa, eti? Ndiye mfundozi zatha ntchito."

"Zatha," anatero Lidia msangamsanga. "Masulani, bambo."

Tabita anali kudimba. Panalibe woletsa. Zuberi anayala chiguduli, anagona chagada, anadula kansalu kaja ndi mpeni, n'kukoleka sipanala pa bawuti.

Kutsidya kwa bwalo Marita anali pa mkeka akuwothetsa mwana dzuwa. Kamwanako kanayetsemula kamodzi, kakang'ono ngati ka mphaka.

Obadiya anagwada, nagwira mkono wa Zuberi.

"Lekani."

"Achimwene, inu mukudziwa kuti ndi oilo chabe."

"Ndikudziwa."

"Nanga mpaka liti?"

"Mwanayo ayambe wayenda."

Lidia anaomba m'manja kamodzi, n'kulowa m'nyumba, ndipo mbale zinamva kuwawa tsiku limenelo.

Mwanayo, Gideoni, anayenda. Obadiya anati ayambe walankhula. Analankhula. Anati ayambe walowa sukulu. Matayala anaphwa, nkhuku zinaikira pampando, chitini chija chinachita dzimbiri pakhonde chikadali chodzadza. Udzu unamera m'bokosi, unamera m'magudumu, unatulukira ndi m'mawindo momwe. Koma pansi pa injini, pamene panalunjika bawuti uja, sunamerepo.