Nyuzipepala Yopanda Matumbo

Darlene anali asanatolere makuponi patebulo pamene Mayi Tatum, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo, anagogoda n'kulowa osadikira kuyankhidwa. Darlene anakoka msanga kansalu ka mwana n'kuphimba timapepalato.

Chichotsedwereni ntchito mwamuna wake, Darlene ankadalira makuponi obwera m'kati mwa nyuzipepala ya Lamlungu, ochotsera mtengo wa matewera ndi mkaka kusitolo. Koma nyuzipepala imodzi sinkakwanira, poti amapasa ake ankamaliza matewera ngati akuchita kudya. Ndiye Lamlungu m'mamawa ankazemba n'kusolola masamba a makuponi m'nyuzipepala zoponyedwa pamakomo pa anzake, n'kuzipindanso bwinobwino. Ankati eni akewo amangowataya. Mtima ukafuna chifukwa susowa.

"Lero ndathana naye Ruben," anatero Mayi Tatum akudzithirira khofi. Ruben ndiye ankaponya nyuzipepala mumsewu wawo.

"Walakwanji, amayi?"

"Wakuba uja! Nyuzipepala ikumabwera yopanda matumbo, makuponi onse atasolola. Ndaimba foni ku ofesi kwawo. Akuti madandaulo achuluka, mawa amuchotsa ntchito. Paja masiku a mbala ndi makumi anayi."

Darlene anasanjika dzanja pa kansalu kaja. Ruben ankamudziwa bwino, bambo wa galimoto yotsokomola, yemwe mkazi wake ankadwala impso. Ntchito ija ndiyo inkamugulira mankhwala.

"Mwina ndi mphepo," anatero Darlene chapansipansi.

"Mphepo yodziwa kupinda nyuzipepala? Iwe mwana iwe, usandiseketse!"

"Nanga inuyo makuponi n'ngachiyani? Si paja mumangogula buledi ndi chakudya cha mphaka?"

"Ineyo? Ndiveke mphaka thewera?" Mayi Tatum anaomba m'manja. "Ndimafuna kudulira iweyo! Ndinaona kuti ndikakupatsa ndalama uchita manyazi, ndiye ndinalembetsa nyuzipepala ya Lamlungu dala. Maso angawa zolemba saonanso. Tsono munthu wopanda chisoni n'kumalanda makanda!"

Manyazi anamugwira Darlene. Akanatha kungokhala chete, nkhani n'kufera pa Ruben. Ndani akanamuganizira mayi wa amapasa? Kuchipinda mwana mmodzi anayamba kulira.

Darlene anagwira kansalu kaja n'kukachotsa. Makuponi anali mbwee patebulo, ochuluka kuposa a nyuzipepala ya nyumba imodzi.

Mayi Tatum anawerama, mphuno kutsala pang'ono kugunda tebulo. Anayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo kwa Darlene bola akanakalipa. Kenako anapisa m'thumba la juzi, natulutsa foni, n'kuiika pamwamba pa makuponiwo.

"Nambala yomalizayo ndi ya ku ofesi," anatero, mawu atazizira. "Wandinamizitsa munthu wosalakwa pa ukalamba wanga. Dzina la Ruben ndalidetsa ndine, koma wolichapa ndiwe."

Ananyamuka kukatonthoza mwana uja, khofi osamaliza. Darlene anatola foniyo n'kuimba nambala ija. Itayankhidwa, anayamba ndi kutchula dzina lake lonse ndi nambala ya nyumba yake.