Mchira wa Adiresi

Namfedwa anabwerera kuntchito maliro a mwamuna wake atangotha, ndipo anzake a muofesi ankamugwira ngati dzira. Iye analibe nazo kanthu. Chisoni sankachimva, njala sankaimva, mumtima munangoti zii.

Apongozi ake ndi amene sankamupatsa mpata. "Mwananga," anatero pafoni, "nyimbo ija anadzijambula akuimba, ndipezereni ndimvereko. Mawu a mwana wanga ayamba kundithawa m'makutu."

Nyimboyo malemu anaisunga pa seva, kompyuta yakale yosungira zinthu ya kampani imene onse awiri ankalemberako mapulogalamu, ndipo sevayo inali yoti aizimitse poweruka tsiku lomwelo. Adiresi yake ya pa intaneti inalipo, koma yoduka. Pulogalamu yawo, pofuna kuoneka yaukhondo, inkadula mchira wa adiresi iliyonse, tizilembo tosokonekera tija timabwera kumapeto. Chonsecho kiyi wotsegulira amakhala kumchira komweko. Ukhondo wina ndi uchitsiru ndithu.

"Achemwali, zisiyeni izo," anatero mnzake wa tebulo loyandikana, uku akutafuna chivindikiro cha bolopeni. "Madzi akatayika saoleka."

Namfedwa anatsegula pulogalamu ija. Anatsika m'pulogalamumo mzere ndi mzere, maso gwa, mpaka anafika pamene imalandirira adiresi isanaidule. Pamenepo imayamba yasunga zonse monga momwe munthu anazilembera. Anaonjezera mzere umodzi wolamula kuti zoyambirirazo zituluke, ndipo adiresi ija inatuluka yathunthu, mchira ndi zonse. Anakopera nyimboyo m'foni mwake, navala mahedifoni.

M'mahedifonimo mwamuna wake anatsokomola kaye, kenaka anayamba kuimba mophonyaphonya. Munthu uja nyimbo ankazikonda, koma izo sizinkamukonda. Namfedwa ankangomvetsera ngati wailesi ya aneba. Chapatali m'chojambulacho munkamveka zala zikugogoda pa kompyuta, go go go.

Nyimbo inaima pakati.

"Mkazi wanga, tabwera undigwirize apa," anatero malemu akuseka, "pandikanika ndekha."

Namfedwa anamva mawu ake omwe akuyankha kuchokera kuchipinda china. "Tadikirani kaye, ndimalize izi."

"Chabwino, ndikudikira."

Ndipo anadikiradi. Sanaimbenso. Chimene chinatsala ndi kupuma kwake pafupi ndi foni, kulira kwa mpando akamatembenuka, ndi zala zija zikugogodabe. Namfedwa anaika manja pamiyendo, namvetsera mwamuna wake akudikira mpaka chojambulacho chinatha.