Mwana Wamasiye wa Mayi Arriaga

Emmett Rusk anaimika galimoto pachipata cha kampani yojambula mafilimu n'kutaya ndudu pawindo. Ntchito yake inali yofufuza anthu osowa mu Los Angeles, ndipo ambiri ankawapeza atafa. Uyu anamupeza wamoyo, koma sizinamusangalatse.

"Mayi Arriaga, bwererani kunyumba," anauza mayi achikulire amene anali pambali pake. "Mwana wanu ali bwino, akudya. Zinazo zisiyeni."

"Ndinakutumani kuti mundipezere Inés, osati mundilangize."

"Inés kulibenso. Amene alipo ndi Lorna Ashby, wosewera m'mafilimu a kampaniyi. Tsitsi anamufiiritsa, lilime anamuwongola, ndipo manyuzipepala analemba kuti ndi mwana wamasiye wa ku Boston. Zikadziwika kuti ndi wa ku Mexico, ntchito yatha."

"Ndiye kuti ine ndinafa?"

"Munamira ndi sitima. Ndinawerenga, anthu analira kwambiri."

Mayiwo anangokonza mpango wawo n'kutsika.

M'kati anakumana ndi Pell, munthu wonenepa amene kampaniyo inkamulipira kuti azikwirira zonunkha za akatswiri ake.

"Rusk, ukadafukulabe m'mabini a anthu?" anafunsa Pell.

"Bini lalikulu ndi lanu lino. Mayiwa akufuna kuona Lorna."

Pell anawayang'ana mayiwo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anamwetulira moipa n'kuwatsogolera. Lorna anali pagalasi m'chipinda chake chovalira, akudzola. Atawaona mayi ake m'galasimo, dzanja linaima m'malere.

"Lorna, ukuwadziwa awa?" anafunsa Pell mofatsa, ngati akufunsa za mvula.

Mtsikanayo anayankha osacheuka. "Ankatichapira zovala kwathu."

Rusk anatembenukira kwa Lorna.

"Mako ndi mako, mtsikana iwe," anatero. "Usamuone kuchepa mwendo."

"Musamunamizire mwana," anamudula mawu mayi Arriaga. "Akunena zoona, bwana. Ndinamuchapira kuyambira matewera. Ngati alibe wantchito, manja ndikadali nawo."

Pell anaseka mpaka kutsokomola. Zoterezi sizinali zachilendo kwa iye, pakuti akatswiri ena pakampanipo ankasunga makolo awo mwa njira yomweyi.

"Malo alipo," anatero. "Muzilowera khomo lakuseri. Atolankhani akabwera, pakamwa tseke. Ndipo iyeyu muzimuitana kuti dona, ngakhale muli awiriwiri."

Rusk anawakokera mayiwo pambali.

"Tiyeni tizipita. Ndikudziwa mtolankhani amene angailembe nkhaniyi mawa lomweli."

"Kuti amuchotse ntchito, andide mpaka kumanda?" ananong'ona mayiwo. "Walira mvula walira matope, bambo Rusk. Kunja kuja ndine wakufa. Muno bola ndiziona ngati wadya."

Rusk anadzida chifukwa chodziwa ntchito yake. Akanangonena kuti mtsikanayo sanapezeke, mayiwa akanakhala ndi mwana mpaka lero.

Mayi Arriaga anagwada movutikira n'kutola nsapato zimene zinali mbwee pansi.

"Dona, izi ndipukute?"

Lorna anayang'anitsitsa m'galasi, n'kupitiriza kudzola.

"Pukutani," anatero, ndipo mawu ake sananjenjemere ngakhale pang'ono. Pa ntchito yake analidi katswiri.

Rusk anavala chipewa n'kubwerera yekha kugalimoto.