Chitsa cha Msuku

"Mana, pang'onopang'ono, phirili silithawa," anatero Frederico, ali wefuwefu kumbuyo kwa mlongo wake wamkulu, Belmira, amene ankamuitana kuti mana.

Belmira sanacheuke. Kaphiriko kanali kakang'ono, koti mbuzi zimakwera zikudya, koma Frederico anali atanenepa ndi mpando wa mu ofesi ku Lichinga, ndipo nsapato zake zosongoka zinkaterera pamiyala. Minibasi ya chapa inawatsitsa ku Lione m'mawa, chisanu chikuluma makutu. Anabwera kudzaona chiliza chimene Frederico anamangira malemu amayi awo, choti a padre adzachidalitse Loweruka.

Amayiwo anamwalira nthawi ya nkhondo, banja lili pa ulendo wothawira ku Malawi. Belmira anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Frederico ali khanda la kumsana. Bambo awo anakumba manda mothamanga ndi khasu limodzi, kenako ulendo unapitirira. Bambowo anafera kumsasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera Frederico anabwerera kwawo ndi amalume, koma Belmira anakwatiwa ku Mangochi, ndipo zaka makumi atatu zinatha osapondako kuno.

Atafika pakati pa phiri anatulukira m'munda wa mbatata ya kachewere, mizere yowongoka bwino, masamba ali biriwiri.

"Uwu ndi munda wanga," anatero Frederico monyadira. "Wa boma asalime, afa ndi njala."

Belmira anaima chilili. M'mphepete mwa mundawo munali mwala waukulu wong'ambika pakati. Anauzindikira pomwepo. Pamwala umenewu ndi pamene anakhala tsiku lija, akutseka pakamwa pa khanda kuti lisalire, bambo awo akukumba. Pafupi ndi mwalawo panali chitsa chakuda chowauka ndi moto.

"Apa panali msuku," anatero Belmira.

"Ndinaugwetsa chaka chatha, unkachita mthunzi. Komatu apa pokhapa mbatata imabereka modabwitsa. Ija munadya dzulo ija inachokera pompano, mana. Munachita kupempha yowonjezera!"

Frederico anaseka. Belmira anangopitiriza kukwera.

Pamwamba panali mphepo. Chilizacho chinali chokongola ndithu, zoona zinenedwe: simenti yosalala, matailosi oyera, mtanda wachitsulo, ndi dzina lakuti Alzira lolembedwa ndi utoto wagolide. Munthu wodutsa pamsewu wa ku Lichinga akanatha kuchiona, ndipo Belmira anadziwa kuti mlongo wake anaganizirapo zimenezo.

"Anakuuza ndani kuti amayi ali pano?" anafunsa.

"Inuyo. Ndili mwana ndikafunsa munkati ali paphiri la ku Lione. Nditabwera ndinapeza mulu wa miyala pamwamba pano."

"Miyala imeneyo anaunjika ndi asilikali, ankabisalapo. Ukuganiza kuti bambo akanakwera ndi maliro mpaka pano, poonekera, mfuti zikulira? Amayi ali pansi pa msuku uja, Frederico. Pomwe mbatata yako imabereka modabwitsa paja."

Frederico anakhala pansi m'mbali mwa chilizacho. Anavula chipewa, n'kuvalanso.

"Mwina mwaiwala. Munali mwana."

"Ndinawatseka maso ndi manja awa. Ndiiwale chiyani?"

"Nanga zaka zonsezi munali kuti?" Mawu a Frederico anakwera. "Ndinakulemberani makalata angati? Foni itabwera ndinakuimbirani kangati kuti bwerani mudzandionetse? Lero mwana wadwala, mawa abambo akunyumba akana. Ine nkhope ya amayi sindiidziwa, mana. Chimene munandipatsa ndi dzina la phiri basi."

Mawuwo anamulasa Belmira chifukwa anali oona. Sikuti mwamuna wake ankamukaniza. Iyeyo ankaliopa phirili, ndipo mantha akewo ndi amene anawasiya amayi ake okha mpaka khasu linawapeza. Koma kudziwa zimenezo sikunamuziziritse mtima.

"Chabwino, ndinalakwa. Tiwauze a padre adzadalitse pansipo."

"Loweruka ndi mkuja! Ndaitana a chefe anga a kuntchito, kwaya yonse ya ku Lulimile, abale a mkazi wanga. Ndikaime pamaso pawo ndinene kuti ndamangira asilikali chiliza, amayi anga ndikuwalima? Mukufuna azindiseka mpaka kumsika wa merikado? Zikatha izi tidzakonza mwakachetechete. Mulungu akudziwa pomwe agona."

"Mulungu akudziwa, koma khasu lako silikudziwa."

"Mana, chonde. Musandichititse manyazi."

Belmira anamuyang'ana, bambo wamimba wa imvi m'ndevu amene anamubereka kumsana mpaka kumalire. Anatsika yekha mpaka pachitsa paja, n'kumanga chitenje m'chiuno. Anayamba kuzula mbatata ndi manja, phando ndi phando, mpaka panayera malo otalika ngati munthu wogona. Kenako anatola miyala n'kuzunguliza. Frederico ankaonerera ali pamwamba, manja m'thumba, ndipo sanatsike mpaka mlongo wake atamaliza.

Loweruka anthu anabwera ndi magalimoto awiri. Anakwera kaphiriko pamzere, a padre patsogolo, kwaya ikuimba, Frederico atavala suti yakuda atanyamula nkhata ya maluwa. Njira inadutsa m'mphepete mwa munda. Pamenepo anapeza mayi atakhala pansi pafupi ndi chitsa, miyendo atatambasula, akutchinga kandulo ndi dzanja kuti mphepo isazimitse.

A padre anaima. "Senhor Frederico, mayi awa ndani?"

Kwaya inatsitsa mawu. Belmira anadzutsa mutu n'kuyang'ana mlongo wake, kudikira.

"Ndi wondisamalira munda, padre," anatero Frederico, maso ali pa nsapato zake. "Tiyeni, tatsala pang'ono kufika."

Mzere unapitirira, nyimbo ikukwera nawo phiri. Belmira anasendeza kandulo pafupi ndi miyala ija.

"Ndi mwana wanu uja, amayi," anatero motsitsa mawu. "Wakula."