Mayina a Minda ya a Armando

Narciso atabwerera ku Ntengo-Wambalame, imvi zitamumerera ku Beira, anapeza dimba la malemu bambo ake likulimidwa ndi a Armando. Nthawi ya nkhondo mudzi wonse unathawira ku Malawi. A Armando ndiwo anayamba kubwerako, ndipo paliponse pamene sanapeze mwini anaponyapo khasu. Narciso atapita kukadandaula, a Armando anamuseka kuti munthu wa manja ofewa dimba alitani. Kwawo kumene ankakulota zaka zonse zija kunali kutasanduka kwa eni ake.

A Armando atatsamira mkono, mwana wawo Gilberto, amene mwaulemu ankatcha Narciso tiyu, ngati malume, anafika m'mawa ndi pepala la m'kaderno, kope la kusukulu.

"Tiyu Narciso, mbiri ya madala yowerenga kumanda ndalemba, koma mawu ake ndi a kumunda. Inu munadya mabuku. Sinthani mawuwa amveke a munthu wamkulu. Koma mayina okha musakhudze. Pamaliro a a Baptista analakwitsa dzina la mdzukulu, mpaka lero mabanja sapatsana moto."

"Mayina sindikhudza, mwanawe," anatero Narciso.

Anakhala pansi pa mpichesi n'kuwerenga. Bambo athu anali olimbikira, linatero pepalalo. Analandira munda wa Graça, chigwa cha Clemente ndi dimba la Paulino. Narciso anaseka kukhosi. Kumeneko munda umatchedwa ndi dzina la amene anaswa mphanje, ngakhale mwiniyo ataola kalekale. Gilberto anabadwa mayinawo alipo kale, ndipo kwa iye anali ngati mayina a mitsinje. Sizinamubwerere m'mutu kuti Paulino anali munthu, ndi kuti pepalalo walipereka kwa mwana wake.

Narciso anagwira ntchitoyo mofatsa ngati wonola mpeni. Pamene panali "analandira" analemba "anatenga". "Anakulitsa minda yawo" inasanduka "anasuntha malire". "Anali osamala zinthu" inakhala "chimene agwira sankachitaya". Bodza sanalembemo ngakhale limodzi. Mindayo, imene Gilberto anaiunjika pamzere umodzi, anaipatsa uliwonse mzere wakewake, kuti wowerenga azipuma pakati. Dimba la Paulino analisiya pomalizira.

Gilberto anabwera ali wefuwefu, maganizo ali pa bokosi ndi pa adzukulu okumba manda. Anayendetsa chala pa mayina okha, anaona kuti onse ali bwino.

"Pronto. Obrigado, tiyu."

Kumanda anawerenga ndi a katekista, a Sérgio, munthu wowerenga pang'onopang'ono ngati akuyesa mchere.

"Anthu atathawa, malemuwa anasuntha malire. Anatenga munda wa Graça."

Anapuma. Pakati pa amayi panamveka mawu a Célia, mayi wamasiye wogulitsa nyemba pamsika wa Tsangano. Sanakuwe ayi.

"Amayi anga amenewo."

A Sérgio anadzutsa mutu, kenaka anabwerera papepala. "Anatenga chigwa cha Clemente."

"Agogo athu," anatero mwamuna wina kumbuyo, ndipo ena awiri anavomera.

A katekista anaona mzere wotsatira, anayang'ana Narciso, thukuta lili pamphuno. Kudumpha dzina pamaliro sakanatha.

"Anatenga dimba la Paulino."

Narciso anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa.

"Bambo anga. Analiswa ndi ng'ombe ziwiri, ine ndikutsogolera."

Nyimbo inayambitsidwa mothamanga, koma amayi ambiri sanaitsatire. Akuluakulu anali atayamba kale kunong'onezana.

Anthu akubalalika, Gilberto anapeza Narciso panjira, maso ali psu.

"Mwatichita chipongwe, tiyu. Pamaliro?"

"Ndilozere liwu limodzi labodza, ndikapepese kwa amayi ako."

"Si zimene ndinalemba."

"Unati ndisinthe mawu. Mayina ndi ako omwe, ine ndangowapatsa malo opumira."

Gilberto anayang'ana pansi. "Akuluakulu akuti tikhale pansi zovuta zikatha. M'dimbamo muli kachewere wathu."

"Kumbani kaye kachewere wanuyo, sindidya za maliro," anatero Narciso. "Mukamaliza mundiuze. Tsopano tembenuka, a Célia akukudikira, ndipo iwo alibe mtima wanga."