Madzi a m'Chifuwa

"Achimwene, kachewereyo mukumuwaza ngati mukufesa mawere," anatero Enelesi, akutola mbatatesi zomwe zinkagubuduzikira kumsewu wa pa Lizulu.

Eliya anawerama n'kuyamba kuthandiza mlongo wakeyo kutola. Iye anali msilikali wa pamadzi, ndipo tchuthi chake chinkatha Lolemba. Mwezi wathawo bwato lawo linagubuduzika ndi mphepo ya mwera ali pa maphunziro. Mnzake Cosmas anakodwa ndi chingwe pansi pa bwatolo, ndipo Eliya anamutulutsa atakomoka. Onse anapulumuka, koma chiyambire tsikulo Eliya akangomva madzi akukhuthulidwa m'ndowa, mtima unkamugunda ngati ng'oma ya gule wa ngoma.

"Sindibwererako," anatero motsitsa mawu. "Ndizilima."

"Inuyo kulima? Paja munathawa khasu mukuti mapiri akukupanikizani. Walira mvula walira matope, achimwene."

Asanayankhe, minibasi inaima, ndipo munatsika Cosmas mwini wake atanyamula kathumba ka mpunga wa kwawo ku Kasinje.

"Foni yanga sumayankha, ndiye ndati ndikupeze pa mbatata," anatero akuseka. Kenaka anamuyang'ana bwino. "Nawenso zakugwira, eti?"

"Msilikali sadandaula."

"Anakunamiza ndani? Ine sabata yoyamba ndinkasamba ndi kapu. Ndinapita kwa a sajeni n'kuwauza zoona. Ndinkayesa andiseka, koma anati nawonso zinawachitikira ali achinyamata. Anandiuza kuti ndizilowa m'madzi tsiku lililonse, lero m'mawondo, mawa m'chiuno, ndikupuma pang'onopang'ono, ndipo ndisamapite ndekha."

"Ndiye mantha anatha?"

"Sanathe. Koma masiku ano amandimvera."

Enelesi anamanga thumba la kachewere n'kulikankhira kwa Cosmas. "Mutengeni ameneyu. Kuno akungondiwonongera malonda."

M'mawa mwake awiriwo anatsikira kuchigwa, kwawo kwa Cosmas. Kuseri kwa minda ya mpunga kunali dziwe lomwe alimi ankapatutsirapo madzi a mthirira. Amayi awiri omwe ankazula udzu anaimirira kuti aone asilikali akuvula nsapato.

Eliya analowa mpaka m'mawondo. Matope anamugwira mapazi, ndipo nthawi yomweyo anaona chingwe chija, ndi nkhope ya Cosmas itatuwa pansi pa bwato. Anafuna kuthawa.

"Ndili pano," anatero Cosmas, ataima pambali pake. "Koka mpweya. Usunge. Tulutsa. Uzindiuza zomwe ukuona."

Eliya ananena zonse, koyamba chichitikire ngoziyo. Ananena mmene mpeni wodulira chingwe unamupulumukira m'manja, ndi mmene anaganizira kuti akukoka mtembo. Mawu ankaduka, koma sanaleke. Atamaliza anapeza kuti madzi amufika m'chiuno.

"Bwanji abambo, ng'ona mulibe umo!" anakuwa mmodzi wa amayi aja. "Ife timawoloka ndi mitolo pamutu!"

Eliya anaseka mpaka misozi. Anapondanso kawiri, madzi n'kumufika m'chifuwa. Anaima pomwepo osabwerera m'mbuyo.

"Kwa lero basi," anatero Cosmas. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Atatuluka anakhala pamzere wa munda kuti aume. Eliya anatenga foni n'kuimbira mlongo wake.

"Enelesi, undichapire yunifolomu ija. Lolemba ndinyamuka ndi Cosmas, ndipo ndikakafika ndikayamba ndaonana ndi a sajeni."