Filiji ya Malemu a Crispim

A Crispim, osintha ndalama paboda paja, anafa akupopa njinga. Munthu wathanzi ngati ng'ombe yapangolo, chimfine chomwe osachidziwa, anangoti khu! pansi, pampu ili m'manja. Ine ndimakhala nyumba yoyandikana ndi yawo, ndiye musanditsutse.

Maliro asanatuluke n'komwe, achimwene awo, a Adelino, anatulukira kuchokera ku Zobue ndi ang'ono awo awiri, atabwereka kale ngolo. Akuti munthu safa chabe, mlamu wawo Liness wawathirira tameki mu tiyi, ndiye atuluke m'nyumbamo ndi chitenje chake chokha. Ndinapsa mtima ine. Liness wake uti, woti nkhuku yomwe amakapempha anzake kuti amuphere?

A Adelino anakakamira kuti thupi ling'ambidwe kuchipatala, mfiti ichite manyazi poyera. Liness anangovomera, misozi ili chuchuchu. Podikira zotsatira, anthu osowa manyaziwo anayamba kusenza katundu, ati kumusungira.

Tsiku lomwe dokotala anaitana abanja, filiji inali itafika kale pakati pa bwalo. Dokotalayo anati poizoni sanampeze ngakhale kadontho. Chinawapha a Crispim ndi mtima: mnofu wake unakhuthala mopitirira, ndipo mtima wotere umatha kungoima osatsanzika, makamaka munthu akamagwira ntchito yolemetsa kapena akakalipa kwambiri. Anaonjeza kuti matendawa amayenda m'magazi, choncho onse obadwa mimba imodzi ndi malemu akayezetse msanga.

Abale inu, munaonapo amuna atatu akuyenda ngati asenza mazira? Anabwerera kunyumba ya malemu pang'onopang'ono, aliyense dzanja pachifuwa. A Adelino, omwe mawu awo ankamveka mpaka ku Mozambiki, tsopano ankanong'ona. Wamng'ono pa onsewo anakana ngakhale kuyetsemula. Filiji anailambalala patali ngati ili ndi njoka, ngolo n'kubwerera yopanda kanthu.

Filijiyo tinainyamula ndife amayi anayi kuibwezera m'nyumba, Liness ali kutsogolo. Titafika pakhomo, a Adelino manyazi anawagwira, nadzuka kuti agwireko pakona. Anayambanso kupepesa.

Liness anatula mbali yake pansi, nawakokera mpando wa malemu.

"Khalani pansi, alamu," anatero mosakweza mawu. "Mungandifere pakhomo pano, anthu anenenso kuti ndine."